Mlandu wa Mvuu ya ku Madimba

Ntchito yomasulira mawu pa boma ndinaiyamba nkhondo ya Ajeremani itangotha. Ndinali nditaphunzirako ku mishoni, Chingerezi ndinkachimva, ndipo popeza mayi anga anali Msena, bambo Mmang'anja, zilankhulo ziwirizi ndinachita kuyamwira. Kuchigwa kwathu kuno munthu wotere sankasowa ntchito, chifukwa anthu amene asikali ankabwera nawo atawamanga sankamva za mzungu, naye mzungu sankamva zawo.

Anandiika mu ofesi ya mzungu woyang'anira apolisi. Masiku amenewo iyeyo ndiye ankafufuza milandu, ndipo tsiku la khoti ankaimirira pamaso pa bwana wamkulu wa boma n'kumaimba munthu mlandu m'malo mwa boma. Ofesiyo inali chipinda chimodzi chamalata, chotentha ngati ng'anjo. Pakona panali mulu wa zinthu zolandidwa: mauta, mikondo, mfuti zagogodela zadzimbiri ndi miphika yotchezera kachasu. Kukacha asikali ankalowetsa omangidwa mmodzimmodzi. Munthu ankakhala pansi, bwana pampando, ine n'kuima pakati. Milandu yake inali ya ndeu za kumowa, kuba mbuzi, kutentha tchire, ndi ya anthu othawa msonkho.

Bwanayu anali wachinyamata, wofiira psu ndi dzuwa la kuno. Sankamenya anthu ndipo sankatukwana. Ndikunena zimenezi kuti wina asaganize kuti ndikusimba za munthu wankhanza. Akanakhala wankhanza mwina mtima wanga ukanapola kalekale.

Chimene ankachikonda kwambiri chinali kuyendera midzi. Ankati milandu imachuluka chifukwa anthu sadziwa malamulo, choncho m'chilimwe tinkanyamuka, iye pamachila, ife pansi, kukasonkhanitsa anthu ndi kuwauza zimene boma limaletsa.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inakana. Mapira anapserera asanamasule, mchewere unangotuluka timitu ngati zala. Anthu anasiya minda ya kumtunda n'kutsikira kumadimba m'mphepete mwa Shire, kumene chinyontho sichitha, ndipo aliyense anaika mtima pa kachimanga kamene anabzala kumeneko. Poyembekeza kuti kache, amayi ankapita kudambo pabwato kukazula nyika, zija zimamera pansi pa madzi, n'kumaphikira ana. Amene anadyapo nyika akudziwa kuti imangonyenga mimba.

M'chaka chotere tinafika pamudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje. Anthu anasonkhana pansi pa mlambe, ofooka, ana ali mimba tutumba. Bwana anayankhula nthawi yaitali, ine ndikumasulira m'Chimang'anja kenako m'Chisena. Anati masiku obwezera okha anatha. Munthu akakulakwira usatenge mkondo. Chinthu chikakuvuta usadziweruzire wekha, bwera pa boma, chifukwa boma ndi tate wa onse ndipo khomo lake ndi lotsekula. Mawu amenewa anatuluka m'kamwa mwanga, ndipo ndinawanena mokweza kuti ndi a kumbuyo omwe amve.

Atafunsa ngati alipo wodandaula, anaimirira bambo wina wamtali, wa imvi zapatalipatali, wa mapewa a munthu wopalasa bwato. Anali Msena wochokera kutsidya kwa Apwitikizi. Anathawako ndi banja lake chifukwa cha ntchito yokakamiza ndi mbalamatodya, thabwa lija la mabowo limene ankamenyera anthu m'manja, ndipo anyakwawa a pamudzipo anamupatsa malo. Anaomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti kuli mvuu yamphongo imene inapirikitsidwa ndi zinzake. Imatuluka usiku n'kumadya chimanga cha m'madimba, ndipo chimene yasiya imachipondaponda. Ayesa kusonkha moto, ayesa kuimba ng'oma, koma yazolowera. Masana imathamangitsa mabwato. Anati makolo ake anali osaka mvuu ndipo iye ntchitoyo amaidziwa, koma wamva kuti kuno nyama ndi za boma, n'chifukwa chake akupempha kuti boma libwere ndi mfuti.

Bwana anakondwa kwambiri. Anamuloza bamboyo n'kuuza anthu onse kuti achite monga wachitira ameneyu. Analonjeza kuti abwera yekha ndi mfuti yake yaikulu akangomaliza ulendowo. Amayi anaimba nthungululu. Ponyamuka anatipatsa nkhuku, m'chaka cha njala, ndipo bwana anailandira.

Ulendo unatha, tinabwerera pa boma, ndipo bwana sanapite. Panali milandu ya kachasu yodikira. Itatha imeneyo kunabwera ya msonkho. Bambo uja anabwera yekha wapansi kudzakumbutsa, anakhala pansi pa mtengo kunja kwa ofesi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo bwana anatuma ine kukamuuza kuti sanaiwale. Anabweranso ulendo wachiwiri ndi anzake, atanyamula mapesi otafunidwa kuti bwana aone. Tsiku limenelo bwana kunalibe. Kutentha kunali kutamudwalitsa mutu ndipo anali atakwera kumapiri kukapuma. Ndinawapatsa madzi akumwa, anamwa, anasiya mapesi awo pakhonde n'kubwerera.

Kenako mvuuyo inagubuduza bwato la amayi ochokera kozula nyika. Ena anasambira n'kugwira bango. Mwana wamkazi wa bamboyo, mtsikana amene anali ndi khanda loyamwa, inamuluma m'chiuno. Anamuvuula ali moyo koma sanafike naye kumudzi. Khandalo linapulumuka chifukwa tsikulo anali atalisiya ndi agogo ake. Mwamuna wa mtsikanayo anali atapita kukagwira ntchito kunjanji ndipo panalibe wodziwa kumene ali.

Maliro atatha bamboyo anabweranso pa boma, mutu atameta. Bwana anali atabwerako. Anamvetsera, anapukusa mutu, ananena kuti ndi zachisoni kwambiri, ndipo anatuma msikali mmodzi ndi mfuti. Msikaliyo anali wa kumapiri, madzi ankawaopa. Anaima kumtunda, anaombera pamene panali kutuluka thovu, anadya nsomba za anthu n'kubwerera kudzanena kuti nyamayo yathawa. Usiku wa tsiku lomwelo inalowa m'dimba la mayi wina wamasiye.

Pamenepo bamboyo anafukula mkondo wa makolo ake umene anaukwirira pofika m'dziko lino. Ndi mkondo wa ngowe, womangirira chingwe chachitali, ndipo kumapeto kwa chingwecho kumakhala chipika chopepuka choyandama, kuti nyama ikamira uzidziwa kumene ili. Anatenga amuna ochepa olimba mtima ndi mabwato awiri. Anaipeza masana ikuwothera dzuwa pa mchenga wa pakati pa mtsinje. Amene anaona amati inawakokera uku ndi uku mpaka dzuwa kufiira, inaswa bwato limodzi, koma pomaliza inafa. Midzi yonse ya m'mbali imeneyo inadya nyama. Ana amene anali atasiya kusewera anayambanso kuthamanga.

Nkhani inafika pa boma kudzera mwa msikali wina amene anadutsa pamudzipo ndi kuona chikopa chitalezedwa mizeremizere, chikuuma padzuwa. Chikoti chimapangidwa ndi chikopa cha mvuu, ndipo asikali ankachifuna kwambiri. Anapempha kuti amupatseko, anthu anamukaniza, iye n'kubwera kudzanena. Sipanapite nthawi, bwana anatuma asikali. Ulendo uno anapezeka msanga, ndipo sanali mmodzi. Anabwera naye bamboyo chingwe chili m'chiuno, wina atasenza mkondo, wina mano a mvuu.

Atamulowetsa mu ofesi anakhala pansi pamalo pomwe ankakhala akuba mbuzi. Bwana anafunsa ngati anapha mvuu. Anavomera. Anafunsa ngati anali ndi chilolezo chosakira. Anati alibe. Kenako anafunsa funso limene mlandu wonse unagonapo: kodi nyamayo anaiphera m'munda kapena m'madzi? Bwana anafotokoza, ine ndikumasulira, kuti lamulo limalola munthu kupha nyama imene waipeza ikudya m'munda mwake. Koma akaitsata kumene imakhala, kumeneko ndi kusaka, ndipo kusaka popanda chilolezo ndi mlandu.

Bamboyo anandiyang'ana ngati kuti ine ndalakwitsa kumasulira. Anati mvuu imalowa m'munda mumdima, ndipo munthu wofuna kuibaya ndi mkondo pamtunda usiku ayambe watsanzika ana ake. Mvuu imaphedwa masana, m'madzi. Zimenezi ngakhale mwana wa kumtsinje amazidziwa.

Atamutulutsa ndinalimba mtima. Ndinakumbutsa bwana kuti uyu ndi munthu uja anamuyamikira pansi pa mlambe, amene anabwera kuno kangapo, amene mwana wake anafa. Bwana sanakwiye. Anati akumukumbukira bwino ndipo akumumvera chisoni. Koma akamusiya ameneyu, mawa chigwa chonse chitenga mikondo, aliyense n'kumati nyama inamudyera munda, ndipo mvuu ndi njovu zitha. Anati lamulo likayamba kuyang'ana nkhope za anthu ndiye kuti lafa. Ananena zimenezi modekha, akupukuta thukuta m'khosi, kenako anandituma kukaitana wa mlandu wotsatira.

Masiku amenewo sitima zinkayendabe mumtsinje madzi akachuluka, ndipo azungu apaulendo ankaombera mvuu ali pasitima pongofuna kuyesa mfuti. Nyama inkafa n'kumayandama mpaka kuwola. Iwo anali ndi chilolezo. Ndinaziona ndi maso anga kambirimbiri, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhalapo pansi mu ofesi ija.

Kukonza mlanduwo kunatenga nthawi chifukwa bwana ankafuna mboni. Amesenjala anapita kukaitana amuna amene anali m'mabwato ndi ena amene anadya nyama. Anthu atamva kuti kudya nyamayo kungakhalenso mlandu, mudzi unachita mantha. Ena anathawira m'bango. Amene anagwidwa atafika, aliyense ankati iye anangomva fungo. Anthu omwe anavina tsiku limene mvuu inafa tsopano ankakana kuti sakumudziwa bwino munthuyo, ndi wobwera, wa kutsidya. Sindiwaimba mlandu. Anali ndi ana, ndipo chimanga chawo chinali chitayamba kukhwima popanda wochilondera. Koma bwana anawasunga pa boma kudikira tsiku la khoti, mbalame ndi anyani zikudya m'madimba mwawo.

Mkazi wa bamboyo anatsatira mwamuna wake, khanda lija lili kumsana. Anali mayi wamfupi, wosayankhulayankhula. Analibe wachibale pa boma, ndipo mkazi wanga atamuona akugona pakhonde la sitolo ya Mmwenye anamutenga kubwera naye kwathu. Khandalo linali litaonda, likungolira mawu osatuluka. Tinali ndi mbuzi ya mkaka, ndipo amayi awiriwa ankalimwetsa ndi kansalu konyowetsa. Anali kumvana m'Chisena chapang'ono chimene mkazi wanga anatola kwa apongozi ake.

Khoti linkachitikira pakhonde la ofesi ya bwana wamkulu. Anaika tebulo, pansi anayala mkondo, chingwe chake ndi mano aja. Bwana wanga anaimirira n'kulongosola mlandu bwinobwino, mosawonjeza. Ananena kuti nyamayo inaphedwa pakati pa mtsinje, kutali ndi munda uliwonse, ndi chida choletsedwa, ndiponso kuti woimbidwa mlanduyo ankadziwa lamulo chifukwa analimva yekha pamsonkhano. Msonkhano womwe uja, umene munthu anaimirira kupempha thandizo, unasanduka umboni womutsutsa. Za maulendo ake obwera pa boma sanatchule. Bwana wamkulu, mzungu wachikulire amene ankangodzikupiza ndi chipewa, anafunsa ngati womangidwayo ali ndi mawu.

Bamboyo anaimirira. Sanayang'ane azunguwo, anayang'ana ine.

"Mbale wanga, mundifunsire kwa bwana wamng'onoyo. Iye wafunsa kumene ndinaphera mvuu. Nanga mwana wanga, mvuu inamuphera m'munda kapena m'madzi?"

Ndinamasulira mawu ake onse monga anawanenera. Bwana wanga anayang'ana pansi, makutu ake atafiira. Bwana wamkulu anatsokomola n'kunena kuti womangidwa safunsa mafunso, ndipo imfa ya mtsikanayo si mlandu umene uli pamaso pa khoti. Anafunsa ngati pali china.

"Nkhabe," anatero bamboyo, kutanthauza kuti palibe, n'kukhala pansi.

Anamugamula kukagwira ukaidi wa kalavulagaga kwa miyezi ingapo, mkondo n'kulandidwa. Bwana wanga anapempha kuti asamukwapule chikoti poganizira za maliro aja, ndipo bwana wamkulu anavomera. Pobwerera ku ofesi anandiuza kuti munthuyo wachitiridwa chifundo. Ankakhulupiriradi zimenezo. Madzulo ake anadya bwino, ndipo m'mawa mwake anabwera akuimba kamluzu.

Ntchito imene akaidi ankagwira nyengo imeneyo inali yotunga madzi. Ankatsikira kumtsinje pamzere, awiriawiri, mgolo uli pamtengo pakati pawo, n'kukwera nawo kukathirira ndiwo zamasamba ndi maluwa kunyumba za azungu. Tsiku ndi tsiku ndinkamuona akudutsa pawindo la ofesi, munthu wamkulu wa imvi, akuthirira dimba la mwini wake pamene lake linali kuuma. Anzake a kumudzi anayesa kumulonderera, koma aliyense anali ndi pake. Nguluwe zinalowamo, ndipo chimene chinatsala anakolola ndi anthu osadziwika.

Mkazi wake ankapita kukaima panjira ya kumtsinje nthawi imene akaidi ankadutsa. Kuyankhulana kunali koletsedwa. Ankangomasula khanda kumsana n'kulinyamula m'mwamba kuti agogo ake alione kuti lili moyo. Msikali wina wachikulire ankayang'ana kumbali dala. Wina, uja wa chikopa, ankamuthamangitsa.

Mkazi wanga sanandibisire mawu masiku amenewo. Ankati ife a pa boma timadya thukuta la anthu, ndipo ankandifunsa kuti pakamwa panga pamamva bwanji potulutsa mabodza a mzungu. Ndinkamuyankha kuti womasulira ndi mlatho chabe, koma iye ankati mlatho umene umaponya anthu m'madzi ndi bwino kuugumula. Tinkakangana, khanda lija likuyamwa kansalu pakati pathu.

Anamutulutsa mvula yoyamba itagwa kale. Anabwera kwathu atatupa mapazi, mapewa ali zipsera za mtengo wa mgolo. Anakhala masiku owerengeka akupuma. Sankadandaula, ndipo za mlanduwo sanazitchule. Tsiku lina m'mawa ananena kuti akubwerera kutsidya kumene anachokera. Ndinadabwa. Ndinamukumbutsa zimene anathawa kumeneko, ndinati anyakwawa amupatsanso malo, chaka chino mvula yayamba bwino, ndipo ine ndiyesa kumupezera ntchito yopalasa bwato la boma.

"Bwato la boma?" anafunsa, n'kuseka pang'ono. "Ayi, mbale wanga. Kutsidya amamenya, ndikudziwa. Koma Mpwitikizi akamabwera umadziwa kuti kwabwera nkhondo, umabisa ana. Sakuuza kuti ndine tate wako."

Ndinapita ku ofesi kukapempha ngati angamubwezere mkondo wake, poti unali wa makolo ake ndipo akuchoka m'dziko. Bwana anati chinthu cholandidwa ndi khoti ndi cha boma. Patapita miyezi, mlendo wina wachizungu wodutsa anauona, anaukonda, ndipo anapita nawo kwawo.

Bwana wanga uja anakhala nafe zaka zina pang'ono, kenako anamukweza n'kumutumiza kumapiri. Akuluakulu ake ankamutama kuti ndi wakhama ndiponso wokonda anthu akuda. Amene anabwera m'malo mwake anali waulesi, wokonda mowa, ndipo ndikunena zoona kuti anthu anapumako.

Tsiku limene bambo uja ndi mkazi wake ankanyamuka kubwerera kutsidya, mkazi wanga anawaperekeza mpaka padoko. Anawamangira mbewu ya mapira m'kansalu, ndipo atafika pamadzi anawapatsanso mbuzi ija, osandifunsa ine. Mayi uja anakana, mkazi wanga anakakamira, mpaka anaimanga miyendo n'kuigoneka m'bwato. Bamboyo anagwira nkhafi yekha ngakhale mwini bwato analipo. Mkazi wanga anabwerera kunyumba maso ali ofiira, ndipo tsiku limenelo sanandiyankhule.

Patapita zaka ndinakumana ndi asodzi a kutsidya pamsika ndipo ndinawafunsa za banjalo. Anati bamboyo anamwalira chaka chachiwiri atabwerera, ndi chifuwa. Mayiyo anali moyo, akuumba miphika. Mwana uja anakula, anali mtsikana wamtali ngati agogo ake aamuna, ndipo anali atayamba kupita kudambo ndi anzake.